Mkazi wa M'gemu Wakwatiwa ndi Ng'ona

"Zimitsani, izi n'zachipongwe," anatero a Anselmo m'golosale ya a Shaibu pa Chimbiya.

Kwa zaka ziwiri a Anselmo ankasiya dimba la kabichi n'kumasewera gemu pakanema, kudumphitsa kamlenje m'maenje kuti kakalanditse mkazi wake kwa ng'ona. Tsopano a Shaibu anali atabweretsa yachiwiri kuchokera ku Joni, yopangidwa ndi kampani ina. M'menemo mkazi uja anali atakwatiwa ndi ng'onayo, ana atatu kale.

"Eniake akale anagulitsa, bambo," anatero a Shaibu.

"Ndiye thukuta langa lonse lija?"

A Magadalena, akazi a Anselmo, amene anabwera kudzawaitana, anayang'anitsitsa kanemayo.

"Musamunene mnzanga," anatero. "Ng'onayo imakhala pakhomo."