Chitsulo Chokana Moto

"Chitsulo chakochi chikukana," anatero a Chabwera, amalume ake a Yankho osula zitsulo, akusiya mvukuto.

Yankho anangowerama. Zaka zisanu ndi chimodzi ku Russia anaphunzira kusakaniza ufa wa okusaidi m'chitsulo kuti chisafewe m'ng'anjo za nyukiliya. Pobwerera kwawo ku Ngauma mu Novembala 1993 anabwera ndi chidutswa chimodzi cha chitsulocho. Mvula inali itagwa kale, ndipo amayi ake, ongofika kumene kuchokera kothawa nkhondo, analibe khasu, ndiye anapempha amalume kuti asule khasu ndi chidutswacho.

"Ndinachipanga dala chotero, amalume."

"Ndiye sukuluyo unakhozadi."

A Chabwera anazungulira kuseri, n'kubwera ndi chibenthu cha bomba lomwe linapha bambo ake a Yankho. Chinafiira msanga pamoto, n'kumvera nyundo mpaka kusanduka khasu.

Lachisanu amayi anapita nalo kumunda khasulo, akuliyamikira kuti n'lopepuka.