Laimu Wotentha wa a Elifasi

Akuti panali bambo wina papurazi lina, famu yaikulu kufupi ndi Banket, dzina lake Elifasi. Mwina anthu anaithira mchere nkhaniyi, komatu shedi yake ilipo mpaka lero, yokhomedwa ndi malata.

M'shedimo munali kakampani kopanga ufa wa laimu wothira mu penti. Ufawo unkafunika wosalala kwambiri, timbewu take tosaoneka ndi maso. Woyang'anira ntchito anali Tereza, mwana wa m'komboni momwemo amene anakaphunzira ku Harare. Tsiku ndi tsiku ankabwereza zomwezo:

"A Elifasi, laimu akalowa m'madzi amatentha. Dikirani azizire. Mpweya muzilowetsa pang'onopang'ono, ndipo chotakasira chisaime. Mukathamanga, timbewu timakula n'kugwirana."

"Asisi, choyera n'choyera," ankatero Elifasi akuseka.

Loweruka lina anafunika kupanga ufa wokaonetsa wogula wa ku Harare. Akauvomera, shedi ipitirira. Akaukana, ntchito yatha, nyumba za antchito za m'komboni nazo zapita. M'mawa womwewo mayi a Tereza anadwala, iye n'kuthamangira nawo kuchipatala. Thanki yosakaniziramo laimu anasiyira Elifasi.

Koma abale, mtima wa bamboyu unali kwa Filesi, uja wogulitsa mowa kuseri kwa chigayo! Kwa mkazi wake Masozi ananama kuti akukaimba ng'oma ya gule pamaliro ku Mhangura. Ankadziwa kuti za kudambwe mkazi safunsa.

Laimu ali chitenthere, anatsegula mpweya wonse kamodzi, anazimitsa chotakasira, ulendo. Atabwerako anapeza zayera mbee. Anaumitsa, analongedza, mtima m'malo.

Ku Harare ufa uja atauika pamakina, anapeza timbewu tikuluikulu togwirana. Wogula anakana. Mwini kampani anaitanitsa antchito onse, n'kufunsa Elifasi pomutchula sekuru, ndiye kuti agogo.

"Sekuru Elifasi, chinachitika n'chiyani?"

"Ine ndinachita zomwe asisiwa anandiuza."

Tereza anangomuyang'ana, misozi ili chuchuchu. Mwini kampani anamuchotsa ntchito mtsikanayo tsiku lomwelo. M'komboni anthu ankamulozerana: "Sukulu yake ija yatidyetsa chiyani?" Pampopi akafika, amayi ankanyamula zidebe n'kuchoka. Mtsikana anakwera kombi, minibasi ya kumeneko, osatsanzika, kusiya mayi ake ali gone. Posakhalitsa shedi inatsekedwa, mabanja anauzidwa asamuke.

Tsiku lopakira katundu kunabwera Limbani, mchimwene wa Masozi wa ku Mhangura, kudzathandiza. Masozi anati, "Achimwene, maliro aja alamu anu anakaimba ng'oma anali a ndani?"

"Maliro ati? Kwathu gule sanatuluke chaka chino."

Masozi anatsitsa mtolo pansi n'kutembenukira kwa mwamuna wake. "Bambo a Hope, munali kuti?"

Elifasi anayamba kukanda m'mutu. Mkazi sanalalate. Anamugwira malaya n'kumukoka komboni yonse ikuona, mpaka pakhomo pa mayi a Tereza. Pamenepo bambo anagwada pafumbi.

"Mayi, mwana wanu sanalakwe. Ndine ndinathira mpweya laimu asanazizire. Ndinkathamangira kwa Filesi."

Mayiwo anamuyang'ana ali pamphasa, n'kunena motsitsa: "Mukuuza ine? Ndilibe ngakhale nambala yake. Kamufuneni mumuuze yekha."

Akuti Elifasi akumufunabe Tereza.

Phunziro: Ntchito imene wauzidwa kuti idikire, idikire ndithu, ngakhale maso ako sakuona kusiyana kwake. Ndipo ukalakwa vomera msanga, wosalakwa asanakusenzere mlandu. Nkhaniyi musaisunge nokha, itumizeni kwa abale ndi kwa azibambo onse othamanga Loweruka.