Thumba la Yureya Kuseri kwa Makala

Fyness atasuntha makala m'kachipinda ka kuseri, anapeza thumba la yureya losatsegula. Analimenya ndi chibakera. Linali litauma gwa ngati mwala.

"A Gideon! Tabwerani kuno."

Mwamuna wake anatulukira n'kuima pakhomo. Kumbuyo kwake kunali timatumba titatu ta mpunga wa kumtunda, zonse zimene anakolola chaka chino.

"Si feteleza uyu munati mwathira m'munda?"

"Mitengo ikukwera tsiku ndi tsiku, amake Esme. Ndimati tisungeko wa chaka chamawa. Mpunga unkaoneka wobiriwira chomene."

"Wobiriwira? Ine ndinagulitsa mashini anga osokera kuti tigule thumba limeneli! Sabata yonse ndakhala ndikupeta mankhusu okhaokha, inu mukundiuza kuti yalakwa ndi mvula."



Fyness anakoka thumba lija mpaka pakhonde, amayi a nyumba zoyandikana nazo m'dera lawo la Katawa akusuzumira pampanda. Analowa m'khitchini, anatenga mbale ya mwamuna wake n'kuikhazika pamwamba pa thumbalo.

"Mwasunga bwino, bambo. Yewo, zikomo. Lero mudya zimenezi."