Madontho Ofiira a ku Kakumbi

Thelma anadinanso batani pa laputopu, kachisanu tsopano. Mapu anatseguka bwinobwino: Luangwa uyo wakhota apo, msewu wa ku Mfuwe uwo. Koma madontho ofiira aja, onse makumi anayi, anangounjikana pamalo amodzi ngati nkhupakupa pakhutu la galu.

Dontho lililonse linayenera kuimira munda umene njovu zasakaza mu Kakumbi. A bungwe lopereka waya wamagetsi wotchingira njovu anali kubwera fotini awazi, thuu koloko masana, ndipo ananeneratu kuti waya upita kumene mapu aonetse minda yambiri yoonongeka. Popanda mapu, upita kudera lina, ku Mnkhanya. Munda wa Thelma yemweyo njovu zinali zitaulowa kawiri mwezi uno. Zikabweranso, ana ake adya chiyani?

Mtima unamuwawa zedi. Iye za makhodi sanaphunzire, anali mlembi wa masikauti oyang'anira nyama zakutchire basi. Chaka chatha kupanga mapu kunali kulemba mizere ya Chingerezi chosamveka ndi kwa mzungu yemwe, ukaphonya chilembo chimodzi zonse zafa. Kenako Maybin, katswiri wa makompyuta wa ku Chipata, anamukonzera tsamba la mabatani okhaokha. "Makhodi asiyeni, amayi. Mungolowetsa manambala a m'kamakina ka GPS, mudine apa, mapu atuluka." Eetu, atulukadi. Zotulukazo ndi zimenezi.

Anazimitsa laputopu nkuiyatsanso. Chimodzimodzi. Anakoperanso manambala onse amene a Ruben anabweretsa. Pamenepo panalibe chokayikitsa. A Ruben ndi sikauti wakalekale, munthu wosajomba, ndipo sabata yonse anazungulira minda pa njinga, kulemba dzina la mwinimunda aliyense m'kope mwawo. Anadinanso. Chimodzimodzi.

Nthawi itakwana thwelofu, anatenga foni nkukwera pachulu cha kuseri kwa ofesi, poti pakampu ponsepo netiweki imagwira pokhapo.

"A Maybin, chinthu chanu chija n'chabodza. Mwatiphetsa ndi njala."

"Amayi, mapu sapeka," anatero Maybin. "Amaonetsa pamene munthu anaima podina GPS."

"Ndiye minda makumi anayi ili pamalo amodzi? Mukundiyesa mwana?"

Anadula foni, misozi ili lengelenge. Anthu a m'tauni ndi otero, amakupatsa chinthu chakufa nkumakuphunzitsanso nzeru.

Asanatsike, a Ruben anatulukira, thukuta lili kamukamu. Anatsamiritsa njinga pamtengo nkukwera chulu, kope lili m'manja.

"Mwaswera bwanji, amayi? Minda ina inayi ya lero iyi. Tasunthani pang'ono."

Anatulutsa ka GPS kaja, nkukakweza m'mwamba monga timachitira ndi foni. Anadina kanayi, uku akutchula maina a eni minda.

"Kuminda kulibe netiweki," anatero monyadira. "Yonse ija ndimadzadinira pano."