Chikho Chosefukira cha a Ezara

Fanwell, mphunzitsi watsopano wa ku Mkaika, atavundukula kansalu pambale yachitsulo ya Mgonero, anatong'ola maso.

"A Ezara, mbaleyi munaitenga kuti?"

"Ku Halale, kuntchito," anayankha monyadira mkulu wa mpingoyo. "Chikho chosefukira chajambulidwapocho ndi cha mu Salimo."

"Bambo, limenelo ndi thovu. Chizunguchi chikuti, 'Imwani mowa wathu.'"

Ezara anayang'anitsitsa chithunzicho. Zaka zinayi akugawira Akhristu mkate pambale imeneyi!

Anacheuka. Kumbuyo, pamphasa ya odulidwa, panali Eneless, mlongo wake, amene iye mwini anamudula Mgonero chifukwa chofulula mowa wa dima.

Eneless anasendera pang'ono, n'kusasa mphasayo.

"Bwerani, achimwene. Malo alipo."