Wayifayi ya Malemu

Kaloko ka VPN, kachizindikiro kooneka ngati loko, kanafiiranso pakona ya sikirini. Mayiyo anachotsa manja pa kiyibodi n'kutseka maso. "Ambuye, lero lokha ayi," anatero chamumtima.

Ntchito yake inali yolemba mawu amene madokotala amajambula akamaona odwala. Ankagwirira kunyumba, pa tebulo limene analikankhira kukhoma, chifukwa mpamene wayifayi inkagwira bwino. Mawu a madokotalawo ankamufika kudzera pa VPN, njira yotsekedwa yolowera m'makompyuta a chipatala. Njirayo ikaduka, zimene walemba zinkatayika. M'mawa wa tsikulo abwana ake anali atamuimbira. Sanakalipe. Anangoti ikadukanso sabata imeneyo, ntchitoyo aipereka kwa wina.

Kompyutayo anamusiyira malemu amuna ake. Inali yakale, koma iwo anaikamo pulogalamu ya Linux ndipo inkathamanga ngati yatsopano. Anasiyanso rauta, kabokosi kofalitsa wayifayi, pamwamba pa kabati, ikuyaka kanyali kamodzi kobiriwira. Mayiyo ankaipukuta fumbi Loweruka lililonse, osakhudza batani.

Kuseri kwa khoma kunayamba nyimbo ya makatuni. Mapasa a nyumba yoyandikana anali ataweruka kusukulu.

Mayiyo anali ataona kale kuti kaloko kaja kamafiira nthawi yomweyo, koma sankafuna kuwaganizira zoipa anthu amenewa. Mayi a mapasa ankamuanulira zovala mvula ikabwera iye ali pa ntchito. Bambo a mapasa ankamutulutsira bini la zinyalala osauzidwa. Mphezi itagwa sabata ya maliro ija, intaneti n'kuzima, ndi iwo amene anabwera kudzaona rautayo. Anaitembenuza, anainunkhiza, kenako anati, "Pumulani, mayi, mawa izichita." Mawa lake inachitadi.

Mayiyo anaimbira mchimwene wake wamng'ono, amene amakonza makompyuta mumzinda wina.

"Achemwali, mwatsegula zenera lakuda lolembamo malamulo a kompyuta lija?"

"Ndatsegula. Usandithamangitse."

"Lembani zimene ndakutumizirani, ndendende. Musawonjezere Ameni kumapeto."

Mayiyo sanaseke. Analemba chilembo chimodzichimodzi, akuwerengera mchimwene wakeyo zimene zinkatuluka. Kompyuta inali pa wayifayi ndithu, ya dzina lomwe lija malemu anaipatsa. Atayesa kutumiza timauthenga toyesera njira, mayankho ankabwera mochedwa, ena osabwera n'komwe.

"VPN yanuyo ilibe mlandu," anatero mchimwene wake. "Msewu ndi umene wadzaza. Tione amene akuyendamo."

Analembanso mzere wina. Pa sikirini panatsika mayina a zipangizo.

"M'nyumbamo muli ndi chiyani?"

"Kompyuta ndi foni basi."

"Nanga TV mwandiwerengerayo ndi ya ndani? Mafoni enawo? Pasiwedi munapatsa ndani, achemwali?"

Mayiyo anakumbukira kuti a mapasa atangosamukira kumene, asanakhale ndi intaneti yawo, malemu anawalembera pasiwedi pakhonde, akuseka nawo. Zinali za masiku ochepa chabe. Umu ndi mmene anagwirizanirana.

"Lowani mu rautamo tiwathamangitse," anatero mchimwene wake. "Pansi pake pali kapepala komata. Pasiwedi ya mwini wake ili pamenepo."

Anakwera pa mpando, anapendeketsa rautayo, n'kukopera manambala padzanja. Kompyuta inawakana. Anayesanso mofatsa, akutchula chilembo chilichonse. Inakananso.

"Mwaona? Athyola loko wanu n'kuikapo wawo. Anthu opemphera inu amakudyerani masuku pamutu mukuthokoza."

"Usalankhule choncho."

"Ndikunama?"

Mayiyo anaonanso m'maganizo bambo a mapasa akununkhiza rauta ija, nkhope ili ndwii ngati munthu wachisoni, iye maso atatupa ndi kulira. Zovala zoanulidwa zija, bini lija, zonse zinayamba kuoneka ngati chophimba m'maso. Kuseri kwa khoma mapasa anaseka limodzi, mokweza.

Uthenga unalowa pafoni. Anali abwana ake, akufunsa za malipoti a masanawo.

"Zulani chingwe cha magetsi kaye," anatero mchimwene wake. "Aone kumene akaonere makatuniwo. Kenako mubwezere, mubaye kabowo kakumbuyoko ndi singano, zonse zifufutike, tiyambirenso."

Chimwalirire amuna ake, rautayo anali asanaizimitsepo. Anaima pa mpando dzanja lili pa chingwe, napempha Mulungu kuti amukhululukire mkwiyo umene unali mwa iye. Mkwiyowo sunachoke. Anazula.

Kanyali kobiriwira kanazima. Anatsika nayo rautayo, ataifukata ngati mwana, ndipo anatchera khutu kukhoma kudikira kuti nyimbo ileke, ana ayambe kulira.

Nyimbo sinaleke.

Anacheukira pa sikirini. Chizindikiro cha wayifayi chinali chodzaza ngati kale, dzina la malemu lili pomwepo.

"Achemwali? Mwazula?"

Kunyumba inayo chitseko chinatseguka, ndipo mawu a bambo a mapasa anadutsa khoma. "Inu ana, ndinati chiyani? Zimitsani TV imeneyo. Masana wayifayi yathuyi ndi ya amayi akuseriku, yawo inapsa ndi mphezi ija. Mukuganiza kuti ndinaipatsa dzina ndi pasiwedi ya wayifayi ya malemu chifukwa chiyani?"

Makatuni anati zii. Pakona ya sikirini kaloko kanabiriwira, mayiyo ali chiimire ndi rauta yozima m'manja.