Magolovesi a Buluu

Nditangovala golovesi yachiwiri, mayi anga anasiya kumasula mabatani a bulauzi yawo.

"Ndayamba kununkha eti?"

Madzi anali m'beseni, thaulo lili paphewa panga. Mawa lake ndinali ndi mayeso a setifiketi yosamalira okalamba. Ulendo woyamba ndinalephera chifukwa chogwira wodwala ndi manja osavala kanthu, ndiye ndinkafuna manjawa azolowere.

"Ayi amayi, ndi lamulo la kusukulu."

"Lamulo?" Anayang'ana zala zanga za buluuzo. "Iwe uli khanda unkadziipitsira mpaka m'khosi. Ndinkakupukuta ndi manja awa, n'kudyera omwewa."

Ndinayamba kuvula, golovesi n'kung'ambika pachala chachikulu.

Mayi anapumira m'mwamba. Anatenga ina m'bokosi n'kuitambasula ndi zala zawo, ngati mmene ankandivekera sokosi.

"Lowetsa. Usakalepherenso chifukwa cha ine."

Ndinawasambitsa kuyambira kumaso, monga anatiphunzitsira. Nditawapukuta, anatembenuka n'kundipatsa msana.

"Mwamaliza, a namwino? Mundiitanireko mwana wanga, adzandikande apa."